Ndinakana Amuna Anga pa Khomo la Mayeso

1

Kuntchito amanditchula Mayi Chitupa, ndipo sindikwiya, chifukwa dzinalo ndinalikhetsera thukuta. Ndimagwira mu ofesi ya mayeso pa yunivesite ina. Titagwira mnyamata wina akulembera chibwenzi chake mayeso, atavala diresi ndi mpango kumutu koma ndevu zikusuzumira, akuluakulu anakhwimitsa malamulo. Aliyense wolowa m'holo ankayenera kuonetsa chitupa cha sukulu, nkhope ifanane ndi chithunzi, kenako aike chala pa kamakina kowerenga zala. Kakayaka kobiriwira, lowani. Kakayaka kofiira, imani pambali muzikonzeratu zokanena kwanu.

Ine ntchitoyi inandikhala. Ndinkatha kuyang'ana chithunzi kamodzi kokha n'kumuuza mtsikana kuti, "Makutu awa si ako, mwana iwe. Mwini wake ali kuti?" Iye misozi chuu. Ophunzira akandiona pakhomo ankavula okha zipewa. Ndinkadzitama kuti pansi pano palibe nkhope ingandipusitse.

Koma kunyumba kwanga kunali nkhope ina imene inayamba kundizunguza mutu.

Amuna anga ndi kalipentala wa mipando ndi makabati. Munthu wofatsa, wa utuchi m'makutu, amene Loweruka ankalithera pakhonde, wailesi ili pamimba, akukangana ndi oimbira mpira amene sakuwamva n'komwe. Mwadzidzidzi bambo aja anameta ndevu zimene ndinawapeza nazo. Imvi zotsala m'mbali mwa dazi zinada bii ngati zapakidwa polishi. Anagula magalasi. Chimimba chinayamba kuphwa. Loweruka lililonse ankalawirira kusita okha malaya, kupukuta njinga yawo yamoto mpaka kuchita kuwala, n'kuliyatsa.

"Lero ulendo wa kuti, bambo?"

"Kwa kasitomala. Akufuna kabati."

"Kabati yomwe ija ya mwezi watha?"

"Ndi yaikulu, mayi."

Kalipentala wokakhoma kabati wopanda hamala, wopanda sowo! Madzulo ankabwera maso ali psuu, osafuna nkhani. Ndipo malaya aja ankanunkhira pafyumu wachizimayi, woopsa, woti ntchentche ikadutsa pafupi imagwa chagada. Chodabwitsa n'chakuti fungolo linkakhala kumsana kokha. Ndinkadzifunsa kuti mkazi wake ndi wotani ameneyu, wokumbatira munthu chakumbuyo?

Tsiku lina ali kubafa, foni yawo inalira. Sindine munthu wogwiragwira mafoni a eni, koma iyi inachita kugwera yokha m'manja mwanga. Nambala inali yachilendo, ndipo anailemba kuti "Wa Loweruka". Uthenga wake unali uwu: "Musachedwe. Zija tinachita sabata yatha sindinakhutire nazo, tibwerezenso."

Foni ija ndinaibweza pomwe inali.

2

Ndinathamangira kwa achemwali anga aakulu, amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yawo. Chimwalirire amayi athu, iwo ndiwo khoti langa ndi chipatala changa. Ndinawapeza m'khola atavala majombo, akutola mazira.

"Achemwali, banja latha. Alamu anu ali ndi mkazi."

Anatsamwa malovu, n'kutsokomola mpaka nkhuku kubalalika.

"Mkazi? Alamu anga omwewa? Angawafune ndani?"

"Ndiye mukuti ine ndinatola zotayidwa?"

"Ayi, sindikutero. Wadziwa bwanji?"

Ndinawafotokozera zonse: ndevu, njinga, uthenga. Nditafika pa pafyumu ndinati, "Wake wotchipa, wonunkha ngati mankhwala a mphemvu."

Achemwali anakwinya nkhope. "Mwina si wotchipa. Anthu ena amagula zodula, kungoti mphuno zina n'zosazolowera."

"Kaya. Loweruka likubwerali tikawatsatire."

"Loweruka? Sindingathe, ndili ndi katemera wa nkhuku."

"Nanga linalo?"

"Katemeranso."

"Nkhuku zanuzi zimabayidwa sabata iliyonse?"

"Ndi za mtundu wina. Tamvera, mng'ono wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Usawafunse kanthu, usawatsatire. Uzingowapatsa chakudya chabwino n'kuwasiya agone msanga. Makamaka mwezi uno."

Ndinabwerera ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mchemwali wanzeru. Koma kudekhako kunandikanika. Ndinangosiya kuwalankhula bambo aja. M'nyumba munkamveka masipuni okha.

3

Pa yunivesite pathu pali ophunzira a Loweruka, anthu akuluakulu: aphunzitsi, anamwino, a mabizinesi, ena a imvi zawo. Mayeso awo sindinkawayang'anira ine. Koma mnzanga wina atapita kokachira, anandiika m'malo mwake mwadzidzidzi. Kunyumba sindinanene. Anthu osalankhulana sauzana za ntchito.

Holo yathu ili ndi makomo awiri. Ine ndinaima lakumanja, lakumanzere kunali bwana wathu, amene timawatchula a Ndime chifukwa sangakupatse ngakhale moni osatchula ndime ya lamulo. Anthu atatsala pang'ono kutha kulowa, mlonda anabwera chothamanga.

"Mayi, diwa lagwa ku khomo linalo! Abwana akuti mubwere ndi maso anu aja."

Ndinapita ndikumwetulira. Munthu anali ataima pambali, atayang'ana khoma, chipewa chafika m'makutu. Nsapato ndi zimene ndinayamba kuzindikira. Ndinagula ndine.

"Taonani zodabwitsa izi, mayi," anatero a Ndime. "Chithunzi cha pa chitupa chafufutika, kwangotsala mano. Zala tayesa zonse, kamakina kakuti palibe munthu. Ndiye tamupempha chitupa cha boma. Uku dzina lina, uku dzina lina. Munthu mmodzi!"

Ndinalandira zitupa zija. Cha boma chinali ndi dzina limene ndinakwatiwa nalo. Cha sukulu chinali ndi dzina limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Sindilitchula pano chifukwa anandilumbiritsa. Ndingokuuzani kuti ndi la mtundu uja makolo amapatsa mwana akafuna kupweteka mtima anansi.

Munthu uja anatembenuka. Magalasi anatsetsereka pamphuno.

"Ma... mayi!"

"Mukumudziwa ameneyu?" anafunsa a Ndime.

M'mutu mwanga zinthu zinathamanga. Munthu wa mayina awiri ali ndi nyumba ziwiri. Kwinakwake kuli mkazi wa pafyumu, kuli ana omudziwa ndi dzina ili. Kapena abwera kudzalembera mayeso mchimwene wake wa mkazi uja kuti akondedwe kuchikamwini. Chilichonse mwa ziwirizi chinandiwiritsa magazi.

"Bwana," ndinatero mokweza, "munthu wa dzina ili sindikumudziwa."

"Mayi a ana!"

"Aliyense akagwidwa amandisandutsa mayi wake," ndinayankha, osaphethira.

Ophunzira a m'mizere yapafupi anafa nacho chiseko. A Ndime anakodola mlonda.

"Mutengereni m'kachipinda. Zikakanika, tiimbira apolisi."

4

Kachipindako n'kosungira mapepala a mayeso, kopanda windo. Amuna anga anawakhazika pa mpando wogwedera, ndipo ngakhale ali m'madzi otentha chotero, dzanja lawo linkapapasa pansi kufufuza pamene pamasuka.

"Bwana, ndine wophunzira wanu weniweni," anayamba. "Ndikuphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Dzinalo n'la pa satifiketi yanga ya sekondale. Ndinalisiya nditabatizidwa, n'kutenganso la amalume amene anandilera. A ku ofesi yolembetsa akudziwa zonsezi."

"A ku ofesi yolembetsa sabwera Loweruka. Nanga zala?"

"Zadyeka ndi sandipepa, bwana. Sabata yonseyi ndimakwecha matebulo. Taonani, zasalala ngati sopo."

"Nanga chithunzi?"

Anandiyang'ana cham'mbali. "Chinachapidwa chili m'thumba la buluku. N'kusitidwanso. Ndi anthu ena ake akhama."

Mlonda anatseka pakamwa ndi chipewa. Ine ndinaphulika.

"Sukulu! Sukulu yake iti imene imatumiza uthenga woti 'zija tinachita sabata yatha tibwerezenso'? Sukulu yake iti imene imanunkhiritsa munthu kumsana?"

A Ndime anavula magalasi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Mayi, munthuyu simukumudziwa, koma msana wake mukuudziwa?"

Amuna anga anayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ndinaona thukuta likutsika kuchokera pa dazi, lakuda, litasungunula mankhwala a m'tsitsi.

"Bwana, chonde," anatero. "Mapepala akagawidwa ine ndili muno, chaka chonse chalowa m'madzi. Mukandilemba kuti ndine wolembera anthu, andichotsa sukulu. Ndayesetsa, bwana. Mutu wa munthu wamkulu n'ngouma, koma ndayesetsa."

Mawu amenewo anandikanda penapake, koma pafyumu anali adakali m'mphuno mwanga. Ndinapinda manja.

A Ndime anatsegula kabuku kawo ka malamulo. "Ndime yachisanu ikulola mboni." Anatuluka, ndipo tinawamva akufunsa m'holo: "Alipo amene akuwadziwa bambo tawagwira aja?"

Kenako tinamva nsapato zazitali zikubwera, go, go, go.

5

Fungo linafika mwini wake asanafike. Mlonda anayetsemula. Pafyumu uja! Ndinavula wotchi yanga n'kuiika patebulo, ndolo nazo ndinachotsa.

Analowa mzimayi wa wigi yofika m'mapewa, magalasi akuda otseka theka la nkhope, mpango atakulunga mpaka pamphuno.

"Ndine mboni," anatero ndi mawu opana, ngati wa chimfine. "Bambowa timakhala benchi imodzi."

Benchi imodzi! Koma ndisanamudumphire, Mayi Chitupa anadzuka mwa ine.

"Mboni siibisa nkhope. Vulani magalasi. Ndi mpangowo."

"Ndili ndi diso lodwala."

"Tiliona lomwelo. Vulani."

Anavula magalasi. Anamasula mpango. Ndinayang'ana mphuno ija, mphuno ya amayi athu, imene nanenso ndili nayo. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti.

"Achemwali! Inu? Ndi alamu anu? Ife a bere limodzi!"

"Iwe, usandilaule!" anakuwa achemwali, mawu awo enieni atabwerera. "Ine ndi awa? Ngakhale amuna onse atatha pa dziko!"

"Alamu, musafike konseko," anadandaula amuna anga.

"Pepani alamu, koma mwanayu wandikwiyitsa. Tamvera iwe. Ine ndinalembetsa sukulu mwakachetechete, kuti nkhuku zanga ndiziziyendetsa ngati kampani. Tsiku loyamba ndikulowa m'kalasi, ndikuona alamu awa akubisala kuseri kwa buku. Ine ndinabisala kuseri kwa chikwama. Mapeto ake tinangogwirizana kuti pakamwa tseke."

"Nanga pafyumu?"

"Ukufuna ndizilowa m'kalasi ndikununkha zitosi? Tsiku loyamba mayi wina anasamuka benchi! Ndipo si wotchipa, wamva? Kumsanako n'chifukwa ndimakwera kumbuyo kwa njinga, nanga ndigwire mphepo?"

"Nanga zija munachita sabata yatha?"

"Masamu a akaunti! Sakutilowa tonse awiri. Nambala ija ndi ya makasitomala a mazira, ukanakhala kuti umagula m'malo mopempha bwenzi ukuidziwa."

Mlonda anatuluka panja kukasekera kumeneko. Khoswe wa padenga anali ataulula wa padzala. M'mawa wa tsikulo achemwali anali atandiona pa khomo lakumanja, n'kukokera alamu awo lakumanzere, iwo n'kudzikulunga mpango atangodutsa pa kamakina.

"Chabwino," ndinatero ndili pansi pomwepo. "Nanga bwanji osandiuza? Ine wa pa yunivesite pompano?"

"Tikuuze iwe?" anatero achemwali. "Amene ukaweruka umatisimbira za madala olephera mayeso, n'kumatsanzira mmene amawerengera ndi chala, milomo ikugwedera?"

Amuna anga analankhula motsitsa, akuyang'ana zala zawo zosalala zija.

"Ndimafuna ndikuuzeni nditakhoza, mayi. Ndikanalephera, bwenzi palibe wadziwa. Sindinafune kukhala nkhani ya patebulo. Ndevu ndinameta chifukwa ana a m'kalasi amanditchula agogo."

Mkwiyo wonse unandithawa, n'kundisiya ndi manyazi okhaokha.

6

A Ndime anakonza kukhosi. "Nkhani ya banjayi n'njokoma, koma mboni yabwera itadzibisa. Ndime yachisanu ndi chimodzi siilola mboni yotero. Pakufunika wantchito wa pano woti asaine. Ndipo wantchito amene alipo wanena pamaso pa anthu kuti sakumudziwa."

Ndinadzuka n'kusansa siketi. "Ndikuwadziwa, bwana. Ndi amuna anga."

"Mwasintha mawu. Umboni? Lamulo likuti mutchule chizindikiro cha pathupi chimene tingachione ndi maso."

"Mayi, ganizani kaye," anachonderera amuna anga. "Pali kachipsera ka pachigongono..."

Koma kachipsera ka pachigongono aliyense akanakaona, ndipo a Ndime anali atapukusa kale mutu. Nthawi inali kutha.

"Ali ndi chipsera china, bwana. Anakhalira msomali tili ongokwatirana kumene. Ndinkawatsuka ndine."

"Pati?"

"Pokhalira. Kumanzere."

"Mayi wanga ine," analira bambo aja.

A Ndime anaitana mlonda. Iye ndi amuna anga analowa kuseri kwa kabati ya mapepala. Tinamva lamba akumasulidwa, kenako mawu a mlonda, okweza ngati akulengeza chigoli:

"Chilipo, bwana! Chopindika ngati kamwezi!"

Ndikukhulupirira kuti holo yonse inamva. Ndinasaina. A Ndime anati amuna anga alembe mayeso, zina zikatsimikizika Lolemba. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tsopano inu. Ndime yachisanu ndi chinayi ikuti wantchito amene ali ndi wachibale m'holo anene mayeso asanayambe. Inu muli ndi awiri. Perekani baji yanu ya ntchito. Lolemba mudzaonekere ku komiti."

Amuna anga analowa m'holo akumanga lamba, mizere yakuda ili m'masaya. Achemwali pambuyo, wigi ili m'manja. Anzawo anawaombera m'manja ngati akwati. Ine mlonda anandiperekeza panja mwaulemu wonse, ndipo ndinakhala pa kampanda ka maluwa, pamalo pomwe ndinkakhazika ana ogwidwa, mpaka mayeso kutha.

7

Lolemba a ku ofesi yolembetsa anatsimikiza kuti mayina onse awiri ndi a munthu mmodzi. Komiti inandikhululukira ndi chenjezo chabe. Wapampando anati n'zoonekeratu kuti mayiyu sankadziwa chilichonse cha m'nyumba mwake. Anthu anandiyamikira kuti ndapulumuka, koma chiweruzo chimenecho chinandiwawa kuposa kuchotsedwa ntchito.

Kunyumba zinavuta. Bambo aja ankanditchula "a ofesi ya mayeso". M'mawa uliwonse akadzuka ankandifunsa, "Lero mukundidziwa?" Poyamba ndinkayesa nthabwala, mpaka tsiku lina ndinawapeza m'shopu mwawo atangokhala, pulena ili m'manja, osapala kanthu. Ndinagwada pa utuchi pomwepo.

"Bambo, ndinalakwa. Za chipsera zija..."

"Chipsera si kanthu, mayi. Mlonda uja pano ndi kasitomala wanga, wagula mipando. Chimene chinandiwawa ndi pakhomo paja. Ndinakuonani mukubwera, mumtima ndinati ndapulumuka."

Ndinalira mpaka utuchi kumata m'masaya. Anandidzutsa, n'kundipukuta ndi nsalu ya vanishi, ndipo tinaseka tonse kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi.

Zotsatira zitatuluka, achemwali anakhoza zonse, ndipo sitipuma nazo. Amuna anga anakhoza zonse kupatula pepala la tsiku lija. Akuti maganizo anali kuseri kwa kabati. Akukonzekera kubwereza, ndipo madzulo ndimakhala nawo patebulo, iwo akuwerenga ndi chala, ine ndikuwafunsa mafunso. Akaunti ikundizunguza ndi ine ndemwe.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, musamve ngati ndikunyoza malamulo. Zitupa tiziona ndithu, zala tiziyesa, chifukwa wodwala safuna namwino amene anamulembera mayeso ndi msuweni wake. Koma ndaphunzira kuti kuloweza makutu ndi mphuno za munthu si kumudziwa. Ungathe kugona naye bulangete limodzi ana mpaka kukula, osadziwa chimene amachiopa, ngakhale chimene amachilakalaka akakhala phee pakhonde. Ndipo pakamwa pathu tizipasamala. Amene tikumuseka patebulo mwina ndi yemwe watipatsira mchere.

Choncho muzifunsa, ndipo muzilimba mtima pomva yankho. Ine tsiku lina ndinawafunsa mwachikondi, "Bambo, palinso china chimene sindikuchidziwa?"

Anazunguza kapu m'manja.

"Mwalonjeza kuti simukwiya?"

"Ndalonjeza."

"Tiyi wa mandimu uyu mwakhala mukundipatsa chikwatiranireni," anatero, "sindimukonda."